Anyani a ku Shimla ndi Thalauzi la a Bester

Kuno ku Rotherham, kwa Angerezi, aliyense akudziwa kuti a Dunstan sankakhululuka. Kutchalitchi ankaimba besi bwinobwino, koma pa pemphero la Ambuye, pofika paja pokhululukira otilakwira, ankayamba kutsokomola. Dalaivala wina anawasiya pasiteji mvula ikugwa. Kuyambira pamenepo, akakwera basi yake ankaliza belu paliponse osatsika, mpaka munthuyo anapempha kusintha msewu. Ine Yotamu ndinkagwira nawo ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo wofuna kuwanyoza ayambe kaye wayeza pakamwa panga.

Nesi mnzathu wa ku India anatiitanira ukwati wake kwawo. Tinapita atatu: ine, a Dunstan ndi a Bester, mkulu wa mpingo wathu wokonda suti yoyera, wojambula chilichonse pafoni ngakhale munthu akuyetsemula. Ukwati utatha tinakwera ku Shimla, tawuni yokhala ngati Zomba atamusanjika pamwamba pa Mulanje. Pansonga pa phiri pali kachisi wotchuka, alendo piringupiringu.

Mayi wogulitsa mtedza pachipata anatichenjeza kuti tibise magalasi, chifukwa anyani a kumeneko amatsomphola n'kudikira kuti uwaombole ndi chakudya. A Dunstan anati nsapato avula polemekeza eni kachisi, koma nyani sangawalamule. Sanamalize n'komwe. Chinyani chinatera paphewa pawo, magalasi tsomphu, ulendo padenga. Mayi uja anabwera ndi mtedza.

"Ndidyetse wakuba?" anatero a Dunstan. "Kwathu ku Ntcheu ameneyu timamutumira agalu."

Nyani anadikira mwaulemu, kenako anayamba kutafuna magalasi aja pang'onopang'ono. A Dunstan, amene popanda magalasi sankasiyanitsa m'busa ndi fuliji, anaima n'kumatukwana thanki ya madzi, nyani ali mbali ina. A Bester osathandiza, foni m'mwamba. Tisanatsike phiri vidiyo inali itafika m'magulupu a pafoni a anzathu a ku Hull ndi ku Manchester, ndipo ana obadwira kuno anali atawapatsa kale dzina: Ankolo Nyani. Munthu wamkulu, wa dzina lake.

M'mawa mwake a Dunstan ananena kuti akhululuka ndipo akufuna kukweranso. Ine ndinadziwa kuti pali kanthu. Anandituma mtedza mwakachetechete, kenako anapempha a Bester kuti awatsogolere poti saona. Njira yonse anawagwira m'chiuno ngati m'bale, uku akudzaza mtedza m'matumba akumbuyo a thalauzi lawo loyera lija. Lamba a Bester anali atamasula kale chifukwa cha zakudya zaukwati.

Anyani sanabwere mmodzi. Anabwera mtundu wonse, ndi azilamu omwe. Wina thumba ili, wina ilo, kukoka. Thalauzi linatsika mpaka m'mapazi, mkulu wa mpingo n'kumadumpha masitepe ngati chule, ataonetsa zamkati zaubweya zija timavala pa chisanu.

A Dunstan anandikoka malaya. "Yotamu, zikuyenda bwanji? Ndikungoona choyera chikuvina."

Kubwezera kwabwino koposa m'moyo wawo wonse, ndipo sanakuone. Anandifunsa ngati ndajambula. Ine ndinali nditagwa pansi ndi phwete, foni ili m'thumba. Sanandilankhule mpaka ndege inatera ku Manchester.

Chilango changa chinali chakuti ndizifotokoza nkhaniyi paliponse mpaka ipose vidiyo ija. Ndinaifotokoza m'basi, pa buleki ya kuntchito, pa maukwati, ngakhale kwa agogo achingerezi amene timawasambitsa. A Dunstan ankakhala pambali, magalasi atsopano pamphuno, n'kumati, "Bwereza pa thalauzi." M'nkhani yangayo anyani ankachuluka chaka ndi chaka. Komabe ana akawaona ankanong'onezana dzina lija, ndipo ine ndinkaona kuti zimawapweteka.

A Dunstan mtima utayamba kuwavuta n'kugonekedwa m'chipatala, a Bester anabwera, mutu uli pansi. Anawaonetsa foni n'kufufuta vidiyo ija pamaso pawo. A Dunstan anangofunsa kuti nanga za m'mafoni a ku Hull afufuta ndani. Kenako anawalozera mpando.

"Khalani apo. Yotamu amanama kwambiri. Fotokozani ndinu, mwini thalauzi."

A Bester anafotokoza. Ananena za kuzizira kwa manja a nyani, za mphepo ya kuphiri ikuwomba pamene siyenera kuwomba, za alendo a mayiko onse akuwapatukira njira. Anaimirira n'kuonetsa kadumphidwe kake, mpaka nesi anasuzumira. A Dunstan anatseka maso, kuseka mpaka misozi.

"Tsopano ndaona," anatero. "Koma musaganize kuti ndakhululuka."

A Dunstan sanatulukemo amoyo m'chipatala muja. A Bester ndi amene anathamanga kwambiri kuti thupi lipite kumudzi.

Masiku ano Rotherham wazizira. Anthu amalakwirana Lachisanu, pofika Lamulungu akumwa tiyi limodzi ngati palibe chinachitika. Pa buleki ndimayamba nkhani ija, n'kufika pakati, n'kuyang'ana mpando wa pawindo umene a Dunstan ankakhalapo. Palibe wondiuza kuti ndibwereze, ndiye ndimangosiya.

Inu a ku Hull amene mukadali ndi vidiyo ija, fufutani. Dzina lawo ndi a Dunstan. Njira ya ku Hull ndikuidziwa, ndipo Loweruka sindili pa shifiti.