Nkhondo ya Mazira a Thadzi Lakuda

Tcherani khutu, inu amene munabadwa nkhondo itatha, mumve za chaka chija dzuwa linaotcha mpaka nkhumba zinasowa mphamvu zodandaulira, chaka chimene mpopi unkadontha ngati ukuchita kupemphedwa, chaka chimene pamunda umodzi, wosiyidwa ndi makolo amodzi, panadzuka maufumu awiri, ndipo malire ake anali chingwe choyanikapo zovala.

Kumtunda kwa chingwecho kunkalamulira Mkulu, Woyamba Kubadwa, Msungi wa Thumba la Madeya, Wolemba Mazira ndi Khala, munthu amene mbuzi zinkamuopa pang'ono. Ankakhala yekha. Kumunsi kunkalamulira Mlamu, mkazi wa mng'ono wake, Mayi wa Abakha, Mwini Mpopi, amene mawu ake ankafika kudimba iye akadali m'khitchini. Panalinso mng'ono wakeyo, munthu wa dazi, amene sankavula chipewa chake chaubweya ngakhale dzuwa liswe mtengo, koma mbiri simuwerengera pakati pa olamulira.

Chuma cha Mkulu chinali Thadzi Lakuda, nkhuku yokalamba ndi yaukali. Pa nkhuku zonse zimene malemu mkazi wake ankaweta, linatsala lokhali. Zinazo zinapita ndi chitopa. Mkulu sankakamba zimenezi. Ankangoti, "Ndi nkhuku yabwino," n'kupita kukaona mbuzi. Thadzilo linali pafupi kusiya kuikira, choncho litaikira mazira asanu n'kuyamba kufungatira, Mkulu anadziwa kuti mwina ndi omaliza. Anatenga khala n'kulemba kamtanda padzira lililonse, kuti lisasokonekere ndi mazira a nkhuku wamba.

Tsono kumunsi kunagwa tsoka. Galu wa eni ake anagwira bakha wa Mlamu, bakha amene anali atakhalira kale mazira ake nthawi yaitali. Mlamu, poona mazirawo akuzizira, anawoloka chingwe Mkulu ali kodyetsa mbuzi, n'kuwalowetsa pansi pa Thadzi Lakuda, ndipo anabwerako ndi mabala atatu padzanja, pakuti thadzilo silinkalola munthu kuona za pansi pake. Kuika mazira a bakha pansi pa nkhuku si chachilendo, oweta amachita. Cholakwa chinali chimodzi: mazira a bakhawo anali patsogolo paulendo. Anaswa msanga. Ndipo nkhuku ikamva ana akulira pansi pake siwerenga zotsala, imangodzuka n'kumapita.

M'mawa wa tsiku losaiwalikalo Mkulu anatuluka ndi mbale ya madeya, ndipo taonani, Thadzi Lakuda likudutsa pabwalo mutu uli m'mwamba, pambuyo pake tinthu tinayi tachikasu, tamilomo yaphwatalala, tikuyenda ngati tikuchokera kumowa. Anathamangira kukhola. M'dengu munali zikhokhombe za mazira a bakha. Mazira a kamtanda munalibe ndi limodzi lomwe.

Anaima pachingwe, pakati pa thalauza ndi thawulo, n'kufuula mawu amene anaimitsa mbuzi kubzikula.

"Alamu! Tulukani!"

Mlamu anatuluka pang'onopang'ono, atavala jekete lalikulu la mwamuna wake kutentha konseko, manja atapinda pachifuwa. Mkulu anazindikira kuti mdani wavala zankhondo.

"Mwadzuka bwanji, alamu?" anatero Mlamu.

"Za kudzuka zisiyeni. Mazira anga mwakazinga! Fungo la mafuta ndalimva!"

"Ndiye mukunditcha wakuba, m'mawa uno, musanasukusule n'komwe?"

"Ndikutchani chiyani, mlendo wolemekezeka?"

Mlamu analimbitsa manja pachifuwa. "Poti mwaweruza kale, khalani nacho chiweruzo chanucho. Mundipatse abakha anga."

Apo Mkulu anakweza mbale ya madeya ngati chishango. "Imvani, inu a kumunsi, ndi nkhumba zanu zomwe! Chilichonse chotuluka pansi pa nkhuku yanga ndi changa. Abakhawa ndi ana a Thadzi Lakuda, ndipo sadzaponda dziko lanu mpaka mutasanza mazira anga asanu!"

"Ana a nkhuku? Tayang'anani milomoyo, alamu."

"Mlomo si umboni. Mwamuna wanuyo ali ndi dazi, ine ndilibe, koma mayi ndi mmodzi."

Umo ndi mmene nkhondo inayambira. Mkulu anagwira abakhawo ukapolo, n'kuwatsekera m'khola pamodzi ndi mayi wawo wodabwayo. Mlamu anazula chotsegulira mpopi n'kuchiponya m'thumba la jekete. Mkulu anamanga thumba la madeya ndi mfundo zimene anaphunzira pomanga mbuzi yamphongo. Kumtunda kunali chakudya popanda madzi, kumunsi madzi popanda chakudya, ndipo mbuzi ndi nkhumba, zimene sizinafunsidwe maganizo, zinalira mbali zonse ziwiri.

Pakati pa maufumuwo pankayenda kazembe, mng'ono uja. Ankakwera ndi madzi m'ketulo, n'kutsika ndi madeya m'matumba a thalauza, mbali iliyonse ikunamizira kuti sikuona. Dazi lake linali poyera, likusupuka ndi dzuwa.

"Iwe, chipewa chili kuti?" anafunsa Mkulu.

"Chapita kunkhondo, achimwene."

"Nanga mdaniyo ali bwanji?"

"Aa, musandifunse. Sakuwerama, sakusesa, akugona chokhala. Ndikangoti nditembenuke, akuti, 'Musandigunde!' Ine ndagona pamphasa ngati mlendo."

Mkulu anagwedeza mutu mokhutira. Chikumbumtima cha mdani chinali chitayamba ntchito yake.

Koma kazembe atapita, Wolemba Mazira anapezeka ataima m'khola, akuyang'ana dengu lopanda kanthu. Khala lija linali likadali m'thumba la malaya, ndipo linali litadetsa nsalu. Thadzi Lakuda linkapalasa pansi, likuitana ana a eni ake kuti adzaone nyongolotsi. Nthenga za pakhosi pake zinali zitayamba kuthothoka. Mkulu analiyang'ana kanthawi, kenaka anakumbukira kuti mbuzi ikufunika kusunthidwa.

Nkhondo yaikulu inachitika mkuja mwake, dzuwa lili paliwombo. Akapolo aja anapeza kabowo pansi pa chitseko cha khola, ndipo magazi a makolo awo atawaitana, anatsetsereka molunjika kubeseni la Mlamu limene linali pansi pa mpopi. Anadumphiramo onse anayi. Thadzi Lakuda, poona ana ake akudzipha, linazungulira besenilo likukuwa mmene nkhuku sinakuwepo chiyambire dziko. Mkulu anathamanga kukapulumutsa chuma chake, chingwe chinamukola pakhosi, ndipo analowa m'dziko la adani atafunda siketi yonyowa kumutu.

Atachotsa siketiyo anapeza Mlamu ataima patsogolo pake, jekete lili pathupi, thukuta likuyenderera.

Mkulu anaona kuti nthawi ya mawu omaliza yakwana. Anaponda phazi limodzi pandowa yovundikira.

"Inu mkazi wa mng'ono wanga! Munabwera pamunda uno ndi sutikesi imodzi ndi bakha mmodzi, ndipo tinakulandirani. Mbuzi yanga inakupatsani mkaka, nkhumba zanu zinanenepa ndi madeya anga. Lero mibadwo ya nkhuku imene ikanadzaza bwalo lino yathera m'chiwaya chanu! Ndikulumbira pamaso pa ziweto zonsezi kuti malinga ndili moyo..."

Anaima kuti akoke mpweya. M'kachetechetemo munamveka kamawu.

"Piyo."

Mkulu anayang'ana m'beseni. Abakha anali kalikiliki kusambira.

"Piyo. Piyo."

Kamawuko kankachokera pachifuwa cha mdani.

Mlamu anausa moyo, n'kumasula mabatani a jekete. M'kati, chomangidwa ndi mpango pamimba, munali chipewa chaubweya. M'chipewamo munali mazira anayi, awiri atang'aluka kale, ndi kamwanapiye konyowa, kakuda bii, katavala chikhokhombe kumutu. Pachikhokhombepo panali theka la kamtanda.

"Ndinawapeza akuzizira, thadzi litachoka," anatero Mlamu. "Kulakwa ndinalakwa ine. Ndiye ndikanatani? Pamunda ponse pano palibe nkhuku ina yofungatira. Ndinangoti ndifungatire ndekha."

"Nanga osanena bwanji?"

"Munandiyankha moni? Komanso akanapanda kuswa, mukanandipachika kawiri." Anapukuta thukuta ndi dzanja la mabala lija. "Nkhuku ya malemu ithe mbewu chifukwa cha bakha wanga? Alamu, ine ndine wolongolola, koma sindine mfiti."

Mkulu anatsitsa phazi pandowa. Anayang'ana kamwanapiyeko, kenaka anayang'ana kumtunda, kumene mbuzi inali bwinobwino, yosasowa kanthu. Anakhosomola.

"Chipewachi chikununkha," anatero.

"Si ine ndinachinunkhitsa. Funsani mng'ono wanu."

"Khalani pansi, alamu. Pang'onopang'ono. Iwe kazembe, bweretsa mpando! Osati umenewo, wotsamira!"

Ndipo Woyamba Kubadwa, amene mphindi yapitayo ankalumbira pamaso pa ziweto, anaima ndi chivundikiro cha ndowa akukupiza mdani wake mpaka madzulo, uku akuletsa aliyense kuyetsemula.

Anaswa atatu, awiri anakana. Kutayamba kuda, anapiyewo anawalowetsa pansi pa Thadzi Lakuda, ndipo litajompha Mkulu kawiri chifukwa cha mwambo, linawalandira.

Pangano la mtendere linachitika m'mawa mwake, pansi pa chingwe, zovala zonse zitachotsedwa kupereka ulemu. Anagwirizana kuti abakha si a kumtunda kapena a kumunsi, koma a Thadzi Lakuda, mpaka tsiku limene lidzawathamangitse lokha. Kuti pa tsikulo bakha mmodzi adzatsala kumtunda ngati lendi, ndipo mwanapiye mmodzi adzatsikira kumunsi ngati malipiro a mzamba. Chotsegulira mpopi chinabwezedwa pampando wake. Thumba la madeya linachita kudulidwa ndi mpeni, popeza mfundo zija zinamukanika mwini wake yemwe. Nkhumba zinaimba nyimbo ya fuko pakamwa pali podzaza.

Pomaliza anaitana kazembe kuti alandire chipewa chake. Chinali ndi tinthenga, tizikhokhombe ndi zina zimene mbiri yasankha kusatchula.

"Kodi sitingayambe tachichapa?" anafunsa mwini wake.

"Msilikali sachapidwa pa tsiku la ulemu wake," anatero Mkulu.

Mkulu anamuveka chipewacho pa dazi losupukalo ndi manja awiri. Kenaka anapisa m'thumba la malaya, natulutsa khala lija, n'kulemba kamtanda pamphumi pa chipewacho, kuti chisadzasokonekere ndi zipewa wamba.