Mpando wa a Chotsaniko

Mumsewu mwathu muno munali munthu mmodzi amene chibadwire sanagulepo kanthu pa mtengo womwe wauzidwa. Dzina lawo lenileni tinaliiwala kalekale. Tonse, ndi abusa omwe, tinkawaitana a Chotsaniko. Ukati, "Sopoyu ndi mwakuti," iwo, "Chotsaniko." Ukachotsako, "Aaa, chotsaninso ya ulemu, ndine wamkulu."

Kwa wometa ankavula chipewa n'kuloza dazi. "Mundawu theka ndi thanthwe, mwanawe. Ulipiritsa bwanji ngati walima wonse?" Kwa wozula mano anafunsa ngati dzino lobooka lili pa mtengo umodzi ndi lathunthu. Ena amati pa ukwati wawo ananenerera ndi mphete yomwe ili kale pachala. Izo sindinazione, koma sindingawaikire kumbuyo.

Ndiye akulu awo, maso atayamba kuchita nkhungu, anawapatsa galimoto. Yobiriwira, yakale ndithu, koma yomvera. Yaulere! Akuti a Chotsaniko anaizungulira kukamwa kuli yasa, kusowa choti achotsetse.

Kuyendetsa sanaphunzire, poti asukulu yoyendetsa anakana kuchotsako. Amene anaphunzira ndi akazi awo, mayi ofatsa ogulitsa mazira m'magolosale. Mayi pachiwongolero, mazira kumbuyo, bambo pampando wakutsogolo chigongono chili pazenera, kulamula ngati mwini ndege.

"Potsetsereka zimitsani, mayi. Mafuta si madzi."

"Bambo, tsikani muzikankha, tisunge onse."

Koma panali kanthu kamene kankawadya mayiwo mumtima. Galimoto inali idakali m'dzina la alamu awo, ndipo ana a alamuwo akabwera kudzacheza ankaisisita n'kumati, "Galimoto ya adadi ikuoneka bwino." Mayi ankadziwa kuti tsiku lina anawo adzabwera osati kudzacheza. Galimoto ikapita, mazira apita, chakudya chapita.

"Bambo, tiyeni tikasinthe umwini, ikhale m'dzina lanu."

"Kulipira kuti alembe dzina langa? Galimoto imawerenga? Ikudziwa yokha kuti kwawo ndi kuno."

Zaka zinapita akuyankha chomwecho. Kenaka tinayamba kuona a Chotsaniko akupita kwa wosoka nsapato kukaboolitsa lamba. Bowo lina, patapita mwezi linanso. Bowo lachitatu ananenerera kuti likhale laulere. Tinaseka, koma mayi sanaseke, chifukwa ndiwo ankawaperekeza kuchipatala.

M'mawa wina mayi anawapeza pabwalo, sipanala ili m'manja, thukuta kamukamu. Wailesi ya m'galimoto ili pansi. Matayala abwino abisidwa kuseri, avekapo ena osalala ngati dazi lawo lomwe. Mpando wawo wakutsogolo uja auzula, auika pakhonde.

"Bambo, mutu wayamba?"

"Mutu uli bwino. Ndafufuza. Kuofesi kuja ndalama yosinthira umwini imatsata mtengo umene woyesa galimoto wanena. Ikaoneka yonyasa, achotsako. Bweretsani phulusa, ikuwala kwambiri."

Anakatenga akulu awo kuti akasaine. A Chotsaniko anakhala kumbuyo pa thireyi ya mazira yopanda kanthu. Cholakwa chinali chimodzi: sanawauze akulu awo za pulaniyo, poopa kuti awanena umbombo.

Woyesa galimoto anali mayi wa magalasi, wosaseka. A Chotsaniko anayamba ngati mlaliki.

"Mayi, musadetse manja anu. Ichi n'chiphakasa. Chimadzuka mochita kupembedzedwa. Pokwera mtunda timatsika n'kuchilimbikitsa ndi mawu."

Akulu awo anagwetsa ndodo. "Iwe! Ukunena galimoto yanga?"

"Achimwene, khalani chete."

"Ndikhale chete? Mayi, musamumvere uyu, ndi wosayamika chibadwire. Injini iyi sinatsegulidwepo! Imalira ngati mwana wokhuta!"

"Imatsokomola, achimwene."

"Ukutsokomola ndiwe!"

Pamenepo, ngati aitanidwa, chifuwa chinawagwira a Chotsaniko. Anatsamira chitseko cha galimoto, kutsokomola mpaka kupinda, buluku likutsetsereka, dzanja limodzi lagwira lamba. Akulu awo anasendera pafupi, poti maso awo ankaona za pafupi zokha. Anagwira mkono wa mng'ono wawo, zala zawo n'kukumana, poti unali utaonda.

Woyesa uja anafunsa motsitsa mawu, "Tilembe dzina la ndani? Lanu, bambo?"

"Ayi. La mayi awa." Anapuma kaye. "Mukalemba langa, posachedwa adzabweranso kudzalipira kachiwiri. Ine zolipira kawiri ndimakana."

Akazi awo anayang'ana kumbali, kuwerenga zikwangwani za pakhoma zimene sankaziona n'komwe. Akulu aja anatola ndodo yawo, n'kumenya nayo tayala.

"Mayi, ndinanama. N'chiphakasa. Ndinamupatsa chifukwa chondisowetsa mtendere. Mabuleki ake ndi pemphero."

"Achimwene, mwapitirira," anatero a Chotsaniko. "Atiletsa kuyenda nayo."

Woyesa anavula magalasi, kuwapukuta nthawi yaitali, n'kunena mtengo. Sindikudziwa ngati unali wachifundo kapena woona, poti galimotoyo ndi phulusa lija inkaonekadi ngati yafukulidwa. A Chotsaniko anatsegula pakamwa, ndipo akazi awo anagwira mpumi podziwa chimene chikubwera.

"Chotsaniko."

Mayi wosaseka uja anaseka mpaka kugwira galimoto. Sanachotse, koma anaseka.

Pobwerera a Chotsaniko anakumbatira khadi la umwini ngati mwana wakhanda, akuwerenga dzina la akazi awo mokweza, kuliwerenganso. Matayala abwino anabwezeredwa. Koma mpando uja mphamvu zoubwezera zinawathera. Mayi anati aitane makaniko.

"Alipiritsa ameneyo. Usiyeni. Pano ndiye ndikuona bwino msewu."

Anakhala pamenepo miyezi yotsalayo, pakhonde, pampando wa galimoto, bulangete m'miyendo. Mayi akamatuluka ndi mazira, iwo ankakweza dzanja. "Potsetsereka zimitsani!" Mawu ankachepa sabata ndi sabata, mpaka linatsala dzanja lokha.

Tsiku la maliro wokhoma mabokosi ananena mtengo, n'kudikira. Panalibe woyankha. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anati, "Chabwino, ndachotsako," n'kutembenukira kukhoma.

Ana a alamu aja anabweradi maliro atatha, akusisita galimoto. Bambo awo anawaloza ndi ndodo. "Chotsani manja pa galimoto ya eni ake." Anachotsa.

Masiku ano mumsewu muno malonda amatha msanga. Wometa amanena mtengo, munthu n'kulipira, basi, ngati kuchipatala. Akuti ndalama zikukwana koma tsiku likutalika. Galimoto yobiriwira ija imadutsabe m'mawa uliwonse, ndipo mbali ya kumanzere kwa mayi kuli mabowo anayi a mabawuti. Makaniko wadzipereka kangapo kuti aubwezere mpandowo mwaulere. Mwaulere, a Chotsaniko akanamva! Mayi amangoti, "Usiyeni, akuona msewu."

Ndipo akafika potsetsereka paja, ife okhala pakhonde la wometa timamva injini ikuzima.