Wometa Amene Anatisiya Mitu Theka

Wometa wa mumsewu wathu ankaumira mawu kuposa munthu aliyense amene ndinamudziwa. Tonse tinkamutcha Achete. Pamene ndinkaphunzitsa Chingerezi, ndikafika pa chining'a chija chonena za munthu wa mawu ochepa, sindinkavutika. Ndinkangouza ana kuti apite akametetse. Ankabwerako atamvetsa kuti si munthu wosowa chonena ayi, koma woti akatsegula pakamwa ndiye kuti nkhani yatha.

Mkazi wake amati pofunsira banja anangoti, "Tiyeni." Mayiyo atafunsa kuti tipite kuti, iye analoza ndi chibwano. Pa ukwati wa mwana wawo atamupempha kuti alankhule, anaimirira, nakonza tayi, nayang'ana anthu onse, nati, "Idyani." M'manja munawombedwa mpaka zikhatho kutentha. Ine ndinali ndi masamba anayi a mawu oti ndilankhule m'thumba la jekete, koma palibe anandiitana. Sindinaiwale.

Ndinameta kwa iye zaka makumi atatu, ndikumukhuthulira zonse: za ahedi amene anandilanda kalasi, za ana osapereka moni, makamaka za mng'ono wanga, amene ananditsutsa pagulu pa maliro a bambo athu pa nkhani ya chaka chimene bambowo anabadwa. Tinatha zaka khumi ndi chimodzi osalankhulana, tikukhala msewu umodzi. Mng'ono wangayo anali atayamba kale kuyendera ndodo, ndipo ndinkadziwa kuti mmodzi adzaika mnzake m'manda tili choncho.

"Nanga inu mukuti wolakwa ndani, Achete?"

"Weramani."

Ine ndinkameta Lachiwiri, mng'ono wanga Lachisanu. Lachiwiri lina Achete sanayatse makina. "Lachisanu," anatero. Ndinang'ung'udza, koma Lachisanulo ndinapita. Anandimeta mpala mbali ya kumanja yokha, nandilozera pabenchi. Mng'ono wanga atalowa n'kundiona, kunyada kunamuletsa kubwerera. Naye anametedwa mbali imodzi. Kenako Achete anaika makina patebulo, natenga chipewa chake.

"Mukupita kuti?" ndinafunsa.

"Tiyi."

Tinakhala ola lathunthu, aliyense akuyang'ana khoma lake. Kunja kunkadutsa anthu amene ndinawaphunzitsa, ndipo sindikanatuluka ndi mutu wotero.

"Achimwene," anatero mng'ono wanga pomaliza, "mukuoneka ngati munda umene waganyu wathawa."

"Iwe ngati nkhuku yopulumuka pososola. Bweretsa mutuwo kuno."

Ndinamumeta, nayenso anandimeta, n'kundicheka khutu. Ananena kuti ndi ngozi. Mpaka lero sindikhulupirira.

Achete atabwera anazungulira mitu yathu, naiyang'ana mbali zonse, nati, "Zokhota." Sanakonze.

Anamwalira mwezi wathawu, osatsanzika, monga mwa khalidwe lake. M'chipinda chake chometeramo tsopano akugulitsamo mafoni, ndipo sipika imabangula kuyambira m'mawa. Msewu wadzaza ndi anthu olankhula, ine ndili pakati pawo, koma womvera uja palibe. Ndikadutsa pakhomopo ndimachepetsa liwiro, kenako ndimakwiya nazo.

Lachisanu lililonse mng'ono wanga amabwera pakhonde langa ndi makina ake. Amameta moipa, amalongolola, ndipo pa za chaka chija akulakwabe. Koma mpando ndimautulutsa seveni isanakwane.