Dziwe Losaiwala Nkhope

Mukuseka? Amene akukayika apite ku Zingalume akafunse za dziwe la nsomba limene ndinakumba ndekha m'dimba mwanga, khasu limodzi, tsiku limodzi, mpaka mpini unayamba kufuka utsi.

Madzi ake anali oyera moti ng'ombe zinkabwerera ndi ludzu poyesa kuti ndi dzenje louma, namzeze ankaulukira pansi pa madzi poyesa kuti ndi kumwamba, ndipo mtambo ukadutsa chithunzi chake chinkatsalira momwemo sabata yathunthu, moti chaka cha chilala ndinavuula mitambo itatu ndi khoka n'kukaifinyira m'munda, chimanga changa chokha n'kubereka m'dera lonse la Pembamoyo. Mukumva? Dziwe limenelo silinkaiwala chimene laona.

Mkazi wanga, aNabanda, ankawerama pamenepo m'mawa uliwonse kumwaza gaga wa nsomba. Atamwalira, nkhope yawo inatsala pamadzi, duku lawo lobiriwira lili pamutu, milomo ili ngati akufuna kundikalipira. Ndinkazula udzu m'mphepete, kuthamangitsa ng'azi, kuchotsa tsamba lililonse lisanafike pa tsaya lawo. Ndinkakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, mtima uli zii.

Koma nsomba zinawonda ngati masamba a nsungwi, zina n'kumayandama chagada. Mlangizi wa za nsomba anabwera panjinga yamoto kuchokera ku boma, anapisa mkono m'madzi mpaka m'chigongono, chikhatho chake n'kumaonekabe mbee.

"Madala, madzi oyera chonchi ndi madzi a njala," anatero. "Thirani manyowa kuti madziwa abiriwire, apo ayi nsomba zonse zitha mwezi uno."

Ndinamuthamangitsa mpaka ku Chadiza, ine wapansi iye panjinga, ndipo ndinafika ndine woyamba. Koma pobwerera ndinapeza nsomba zina khumi zitafa, zomwe aNabanda ankazidziwa ndi mayina, zikuyandama pamphumi pawo penipeni. Ndinasenza thumba la zitosi za nkhuku n'kulimiza pakona ya dziwe. Tsiku lachitatu maso awo anayamba kuzimirira. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinapisa mkono, chikhatho osachiona.

Lero nsomba zanga n'zonenepa moti imodzi imafuna ngolo ndi ng'ombe ziwiri, ndikulumbira. Mudzi wonse umadya. Ine ndekha sindinalaweko, ndipo m'mawa uliwonse ndimapitabe kukawerama pamadzi obiriwirawo, kuwauza aNabanda kuti nsomba zawo zili bwino.