Zikomo Bwana, Nkhumba Zanu Tsopano Zikuima Pamzere

Kwa Bwana Wamkulu Woona za Makola Amakono,
ku likulu la kampani.

Wolemekezeka Bwana,

Eee, fomu yanu yofunsa ngati tikusangalala ndi makina ija yafika, koma kamzere koyankhirako n'kakafupi, ndiye ndati ndilembe pano. Tikusangalala, bwana! Moti bambo anga, a Harlan Dykstra, chakudya sichikulowanso ndi chimwemwe.

Ndikukumbutseni, paja makola muli nawo ambiri. Nkhumba ndi zanu, khola ndi lathu, fungo ndi la tonse. Chaka chatha munati tigwetse timakoma tam'kati, nkhumba chikwi zikhale pamodzi, iliyonse ikafuna kudya izidutsa pasikelo, chitseko n'kumazipatula chokha malinga ndi kulemera, zonenepa n'kupita kumsika. Ine Renae ndi kadigiri kanga ka zaulimi ndinawomba m'manja. Amene ananyengerera bambo kuti avomere ndine.

Choyamba, zikomo potipatsa sikelo imodzi yokha. Pali chinkhumba china, timachitcha Meya, chinatulukira kuti pasikelo m'pouma bwino, ndiye chimagona pomwepo. Makina n'kumachiyeza tsiku lonse, mapaundi 280, 280, 280, zinzake zili pamzere kulira njala. Kompyuta yanu n'kulemba kuti khola lonse lanenepa. Mpaka munatitumizira uthenga wotiyamikira!

Chachiwiri, chitseko chimayendera mpweya wa m'paipi. Kodi anachipangayo chisanu cha Januwale kuno ku Iowa anachimvako? Paipi ikaundana, chitseko chimangoti gwa! Amayi amabwera ndi choumitsira tsitsi chawo, n'kugwada m'ndowe kutenthetsa paipiyo, uku akuti, "Bambo a Renae, zaka 31 m'banja, saluni munandilonjeza ija ndi imeneyi?"

Chachitatu sindiseka. Nkhumba zamantha sizilowa pasikelopo, zimangoima pakona nthiti zikuwerengeka. Bambo, munthu woti ankangoona msana n'kutchula kulemera osaphonya, pano akuzikankha imodziimodzi ndi thabwa, bondo lili lotupa. Ndiye Lachinayi mlangizi wanu anabwera, m'galimoto osatsika, n'kutiuza pawindo kuti gulu ili likapepuka simudzatipatsanso ana a nkhumba. Khola anamanga agogo lija litsale ndi akangaude. Bambo anangondiyang'ana ine.

Tsono bwana, buku lanu la malangizo, tsamba 14, likuti nkhumba zimaphunzira msanga zikaona mtsogoleri akudutsa. Ife ndife yani kuti titsogolere? Ndikupempha modzichepetsa, mubwere Lolemba mamawa, lole yonyamula nkhumba isanafike, mudzakwawe pasikelopo gulu lonse likuona. Ovololo tikubwerekani. Ndipo chitseko chikadzati mwakwana kupita kumsika, ife sitidzatsutsa. Makina a kampani sitingawapose nzeru.

Ine wanu wokankha nkhumba,
Renae Dykstra