Kalongonda wa Tsiku Lokaonekera

Mpaka lero ndikafika ku Nazombe, akuchikazi amandifunsa ngati ndadya kale ndisanakhale n'komwe pansi, ndipo amafunsa akuseka. Sindiwaimba mlandu, ndinaziyamba ndekha.

Ndinapita ku Phalombe kukaphunzitsa bayoloje pa sekondale ina yoyendera, zipani zitachuluka kale. Kwathu ndi ku Ntchisi, ndipo mtundu wathu wonse ndi woonda (bambo anga lamba ankachita kuwonjezera mabowo ndi msomali). Koma zaka zimenezo kuonda sikunali nkhani yoseketsa. Maliro anali ponseponse, ndipo munthu woonda ankamuyang'ana kawiri. Tsiku lina Esinati, mtsikana wa ku Nazombe amene ndinkafuna kumanga naye banja, anandiuza kuti atsibweni ake, a Namakhwa, akufuna kundiona asanavomere.

"Anakuonani pa njinga," anatero. "Akuti mwana wa mlongo wawo sangakwatiwe kuti akakhale namwino."

Sindinkadwala, koma ndinachita mantha kwambiri, chifukwa Esinati ndinkamukonda. Ndinathawira ku zimene ndinkadziwa. Ndinali nditawerenga kuti m'thupi muli maselo ena amene sanasankhe ntchito, amangokhala kudikira uthenga. Mahomoni akafika n'kugogoda pa selo lotere, uthengawo umapatsiranapatsirana mpaka m'kati, selolo n'kusanduka losunga mafuta. Ndinaganiza kuti anga ndi ogontha chabe, ofunika kuwakuwira.

Ndinayamba ndi majarini, supuni yodzaza m'phala. Palibe chinasintha. Ndinawonjezera chiponde ndi mapeyala, n'kumagona ndikangodya. Zinatuluka ziphuphu basi.

Kenako ndinafunsa mphunzitsi mnzanga, a Mulipa, Mlomwe wa mimba yake yaulemu, amenenso anavomera kukhala nkhoswe yanga. Anasisita mimbayo n'kunena kuti, "Achimwene, uyu ndi kalongonda." Sanawonjezere kanthu, inenso sindinafunse (aphunzitsife timakonda kufunsa ana, osati akuluakulu anzathu).

Ndinagula kalongondayo, nyemba zija zikuluzikulu za Alomwe, pamsika. M'mawa wa tsiku lokaonekera ndinamuphika ngati nyemba za kwathu, atangofewa pang'ono ndinathira mchere. Ndinadya poto yense, msuzi wake wakudawo n'kumwera, kuti ngakhale maselo akane, mimba yokha ikafike itatuluka.

Ku Nazombe anatilandira bwino, natikhazika pamipando pansi pa mtengo wa mango. A Namakhwa anandiyang'ana kuyambira kukhosi mpaka kumapazi.

"Aphunzitsi, m'thupimo muli bwanji?"

"Muli bwino zedi," ndinayankha. Nthawi yomweyo phiri la Michesi linayamba kuyenda.

Thukuta linatsika, mutu uli zwee. A Mulipa anandiponda phazi, koma ine ndinali nditaimirira kale.

"Atsibweni, vuto si matenda ayi, ndi uthenga! Maselo alipo, koma sakumva!"

Akuti ndinafotokoza phunziro lonse, ndikuseka ndekha, nkhope nditalozetsa kwa mbuzi imene inali pachingwe. Ine ndimangokumbukira mathero ake: ndinagwada pafupi ndi nkhokwe, zonse za m'mawa zija n'kubwerera. Ndinamva Esinati akulira kuseri kwa nyumba, ndipo ndinadziwa kuti ukwati wathera pomwepo.

Mayi a Esinati anabwera ndi phulusa kuti akwirire. Anawerama, n'kuima, n'kuweramanso.

"Achimwene, tabwerani mudzaone."

A Namakhwa anafika, nayang'ana pansipo nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, kalongondayu waphika ndani?"

"Ndekha."

"Madzi munataya kangati?"

"Amataya?"

Anaseka mpaka kukhala pansi, a Mulipa nawo misozi ili mbwe (nkhoswe yanga imeneyo). Ndipamene ndinamva kuti kalongonda amaphika tsiku lathunthu, kutaya madzi mobwerezabwereza, apo ayi amazunguza mutu ngati kachasu.

"Munthuyu sakudwala," anatero a Namakhwa akupukuta m'maso. "Koma tikamusiya yekha afa ndithu. Esinati, mutenge msanga."

Anandigoneka pamphasa mpaka madzulo, ndipo a Mulipa anandikweza pakaliyala pobwerera.

Papita zaka tsopano. Esinati amandiphikira kalongonda moyenera, wokoma, ndipo ndimadya mbale ziwiri. M'kalasi ndimaphunzitsabe molimba mtima kuti selo likalandira uthenga limasunga mafuta. Ana amalemba, kenako amandiyang'ana. Dzulo ndawonjezera bowo lina pa lamba, ndi msomali.