Profir, Amene Anathamangitsa Maliro a Mayi Anga

Kumudzi kwathu, kumpoto kwa Moldova, panalibe munthu wodana ndi chinthu chochedwa ngati malemu Profir. Msuzi ankamwa choimirira, mtanda ankadzilemba ngati akuingitsa ntchentche, ndipo filimu yoonetsa munthu akungosuzumira pawindo ankati ndi chipongwe kwa anthu amoyo.

Nthawi ya Soviet, iyeyu ndiye ankaonetsa kanema mu holo ya famu ya boma. Filimu ikabwera kuchokera kutauni, ankayamba waikonza ndi sizasi. Mtsikana wangokumana ndi msilikali pasiteshoni, tisanaphethire ali ndi ana, mwamuna uja wafa kale.

"Wamupha ndani, a Profir?" ankakuwa anthu.

"Wafa basi! Mukufuna mukaperekere umboni?"

"Nanga ukwati wachitika liti?"

"Muja mumalavula makoko a mpendadzuwa muja. Khalani chete, kukubwera akasinja!"

Famu itatha, Profir anapeza kamera ndi makina a matepi, nayamba kujambula maukwati. Phwando loti anthu avina mpaka nsapato kung'ambika linkatuluka kachidutswa koti tiyi sanazizire katha. Mayi Varvara, amene anakwatitsa mwana wawo wamkazi, anamulondola mpaka kunyumba.

"Ine ndinasoketsa diresi yatsopano. Ndili pati mu tepimu?"

"Mulimo, mayi. Chigongono icho si chanu?"

Tinkaseka nthawi imeneyo. Kenako mudzi unayamba kutha anthu. Ife amphamvu tinakhamukira ku Italy kukasambitsa nkhalamba za eni, zathu tikuzisiya zokha. Maukwati anasowa, maliro anachuluka, ndipo Profir anayamba kujambula maliro n'kumatumiza matepi pa minibasi kwa ana amene ali kunja.

Mayi anga, a Paraskovia, anamwalira ine ndili ku Padova, ku Italy komweko, ndilibe mapepala ondiloleza kukhala m'dzikomo. Ndikanangotuluka, kubwerera kunalibe, ndipo ana anga akanagona ndi njala. Ndinamuimbira foni Profir ndikulira.

"Amalume, chonde, sindikufuna zambiri. Nkhope ya mayi basi. Kamera muiloze pomwepo, musaisunthe."

"Usadandaule, Zina mwana wanga. Ndikupangira chinthu choti Ataliyanawo azidzachita kubwereka."

Mawu amenewo anayenera kundichenjeza. Kwathu bokosi limayenda pangolo lili chitsegukire, n'kumaima pamphambano ndi pachitsime paliponse kuti wansembe apemphere. Njira yonseyo nkhope ya mayi inali poyera, kamera ili m'manja mwa Profir.

Tepi itafika ndinaionera kukhitchini, gogo amene ndinkamusamalira akugona tulo ta masana. Gudumu la ngolo. Chiboda cha hatchi. Belu. Ndevu za wansembe. Gudumu lija kachiwiri, khwangwala, mtanda, galu akuthawa, zonsezi malipenga akulira ngati apolisi akuthamangitsa mbava. Mayi anaoneka kamodzi kokha, mpango wakuda ndi nsonga ya mphuno, kenako fosholo ndi dothi. Ndinamuimbira foni Profir nthawi yomweyo.

"Mwandichita chiyani, munthu woipa inu? Tepi imene munajambula poyamba ili kuti?"

"Ndinajambulirapo ubatizo wa mdzukulu wa Fiodor. Matepi akusowa kuno."

"Ndinati nkhope, amalume! Nkhope!"

Anayankha pang'onopang'ono, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. "Zina, tamvera. Mayi ako unawaonapo atakhala pansi? Ankadya akuyenda, ankakalipa akuthamanga. Ndiye ine ndikuonetse ali gone ngati chipika? Ndinayesa kuwaloza kamera, dzanja linakana."

Ndinamutukwana mawu oti sindingalembe pano. Ndinamuda, ndipo sindinama, chidanicho sichinathe chonse mpaka lero. Tsiku lililonse ndinkabweza tepi n'kuiimitsa pa mpango paja, kubweza, kuimitsa, mwina ndione diso kapena mlomo. Malowo anayamba mizere yoyera, kenako anafufutikiratu. Panatsala gudumu ndi fosholo.

Mapepala atatuluka ndinabwerera kwathu, ndipo ndinapeza kuti Mulungu naye ali ndi nthabwala zake zowawa. Profir anali atafa ziwalo mbali imodzi. Munthu wa liwiro uja anali chigonere pabedi, akuyang'ana ntchentche padenga, liwu limodzi kulikoka ngati ng'ombe yokana kulowa m'khola. Ndinakhala pambali pake. Anthu ena amene anaperekeza mayi anali atamwalira, ena nzeru zitawathawa. Amene anaiyang'anitsitsa nkhope ija anali yekhayu.

"Amalume, ndiuzeni. Mayi ankaoneka bwanji tsiku lija?"

Anandiyang'ana. "A... a... na..."

Ndinadikira mpaka kuleza mtima kunandithera. "Tafulumirani, amalume!"

Anaseka ndi theka la pakamwa, misozi ikutsikira m'khutu, ine ndikuseka naye ndikulira. Kusekako kunamutopetsa, anagona. Ndinabweranso mawa lake, ndi mkuja, koma mawu aja sanapitirire pamenepo. Chipale chofewa chisanagwe, tinamuika.

Ngolo yake inayenda pang'onopang'ono kuposa ina iliyonse, chifukwa operekeza onse anali a ndodo, ndipo panalibe wojambula. Masiku ano mudzi wathu uli zii. Palibe amene amathamanga, palibe amene amakalipira mnzake kuti akuchedwa, ndipo ndimadabwa kuti ndikumusowa munthu amene anandilakwira chotere.

Maliro akamadutsa ndimatuluka, ngakhale a munthu amene sitinkalankhulana. Ngolo ikaima pachitsime ndimasendera pafupi n'kuyang'ana nkhopeyo mpaka wansembe atamaliza. Madzulo ake foni imalira, mwana wa malemuyo ali ku Padova kapena ku Verona.

"Azakhali Zina, bambo ankaoneka bwanji?"

Ndimakoka mpando n'kukhala. Ndimayambira pa tsitsi, ndipo sindidumpha kanthu.